Mkamwini Amene Anagwira Apongozi ku Khasab

Zefaniya Likagwa ndi munthu uja amapukuta nsapato asanalowe m'basi yoti ayendetsa yekha. Mukafika ku Sonapur kuno ku Dubai, kumene makampani amaunjika antchito awo ngati matumba a chimanga, simungamusowe. Ndi wamfupi, wamapewa otambalala, kapu ya kampani ili pamutu ngakhale Lachisanu anthu akupuma, ndipo moni wake umayamba inu mukadali patali. Ulemu unamulowa m'mafupa mwana wa anthuyu. Ena amati ndi khalidwe, ena amati ndi mantha ovala jekete. Ife amene timadya naye timati zonse ziwiri.

Kwawo ndi ku Neno, kumapiri, kumene mtsinje ukafika m'mawondo anthu amabwerera kukadikira mawa. Anayamba ukondakitala pa minibasi za Limbe ndi Bangwe, kenako anagwira chiwongolero, ndipo chaka cha 2000 anapezeka ali ku Jebel Ali akukolopa m'nyumba zosungira katundu. Layisensi ya kuno inamukana kangapo. Kuti kangati zimatengera amene akukuuzani, koma tsiku lina inamumvera chisoni. Kampani ina yoyendetsa alendo inamulemba ntchito, nkumupatsa ulendo wa ku Khasab, nsonga ya dziko la Oman, kumene nyanja yamchere imalowa pakati pa mapiri ngati zala m'thumba. Azungu malo otere amati fiyodi. Aarabu amati khor.

Za mafiyodi amenewa m'chipinda mwawo anthu anazimva mpaka makutu kuwawa. Zefaniya ankafotokoza za makoma a miyala okhudza mitambo, madzi obiriwira oti ukaponya ndalama umaiona ikafika pansi, ndi zinsomba zopuma mpweya zothamangitsana ndi chombo. Chimene sankanena n'choti zonsezi ankaziona pa zithunzi zomata pakhomo la ofesi. Woyendetsa basi amatsala padoko. Azungu akakwera chombo, iye ankatsuka basi, kudya chapati, nkugona pampando wakumbuyo mpaka madzulo. Victor, Mmwenye wa ku Goa amene ankatsogolera alendowo, ankamuitana kuti yalla, tiye, malo alipo, koma Zefaniya nthawi zonse ankapeza tayala lofunika kuliyang'ana. M'chipindamo amene ankadziwa chinsinsichi ndi Samson yekha, mlonda wa ku Chipata amene ankagona bedi la pamwamba pake.

Momwe munthu wotereyu anapezera namwino ndi nkhani imene amayi a kumapemphero a Lachisanu sanaimalizebe. Melody ankagwira ntchito pa kachipatala kena ku Karama, mtsikana wa ku Ntcheu, wamaphunziro ake, woyenda ngati pansi pali mazira. Iye mwini amati anatopa ndi amuna olankhula kwambiri. Chinkhoswe anakachita kumudzi patchuthi, Zefaniya nkubwerako asanalimeko ngakhale mzere umodzi m'munda wa apongozi. Kuno banja lawo linali la Lachisanu lokha. Melody ankakhala m'kachipinda kodulidwa ndi pulayiwudu m'nyumba yogawana ndi atsikana a ku Philippines, mwamuna ali ku Sonapur ndi amuna anzake. Mwa Lachisanu lomwelo munabadwa Lily.

Lily atayamba kukhala pansi, kumayambiriro kwa 2003, kunafika agogo ake, amayi ake a Melody. Pa pasipoti analembedwa Matildah, koma aliyense ankawatchula aNangozo. Ndi mayi wa Mvano, wogulitsa mbatata ya kachewere ku Tsangano, munthu woti akayang'ana thumba amadziwa kuti pansi pake aikapo zowola. Anabwera ndi mawu ochokera kwa mlongo wawo, mwinimbumba, akuti akaone mmene khandalo likukhalira, ndipo ngati sizili bwino abwere nalo.

Anaona. Anagogoda pulayiwudu ija ndi chala. Anaona kuti Melody akapita kuntchito mwana amasiyidwa kwa mayi wina wa chipinda choyandikana amene sadziwa ndi kubereka komwe, amangomunyamula kutsogolo ngati mtolo wa zovala. Anaonanso mkamwini wofika Lachisanu ndi jumbo ya zipatso ngati wodzazonda matenda. Sanakalipe. Anangouza Melody kuti mwana wayamba kale phala, choncho chitupa chawo chikatha, kumapeto kwa mwezi, Lily akwera nawo ndege. Melody analira, koma akanatsutsa bwanji? Kwawoko mwana ndi wa kuchikazi, makamaka wamkazi. Bambo ndi tambala wobwereka.

Zefaniya anazimva ali pakhonde lamkati, pamene anthu amavulira nsapato. Ndi pamene pankakhala malo ake chifikireni apongozi, chifukwa kachipinda kanali kakang'ono moti akanalowa maondo awo akanakhudzana. Mkamwini sakhala moyandikana ndi apongozi aakazi, sadya iwo akuona, sawayang'ana m'maso, ndipo kuwakhudza ndiye musatchule n'komwe. Anzake ambiri mwambo umenewu anausiya pabwalo la ndege ku Chileka. Iye anabwera nawo wonse. Akafuna kunena kanthu ankauza Melody, ndipo Melody akatuluka ankauza khandalo: Lily, uwauze agogo ako kuti ndafika. Nawonso agogo ankayankhira mwa Lily yemweyo, amene ankangoyamwa chala osadziwa kuti ndi telefoni ya banja.

Sabata imeneyo Zefaniya anasiya kudya. Tsiku lina anadutsa pokhotera ku Al Quoz ali ndi azungu m'basi, nkuzindikira atafika kutali. Samson ndiye anabwera ndi nzeru, mwa nzeru zake zija zimene zinamuchotsetsa ntchito kawiri.

"Mudala, apongozi samvela na matu, amvela na maso. Batengeniko kuja ku manzi kwanu baone kuti ndimwe muntu."

Zefaniya anaganiza za madzi aja. Anaganizanso za Lily akukulira ku Tsangano, akumutchula kuti bambo a pachithunzi. M'mawa mwake anakagwada kwa bwana wake, bwanayo nkuvomera mipando yaulere ndi kukonza zikalata za pamalire.

Ulendo wapamsewu unayenda bwino kuposa mmene ankayembekezera. Anavala malaya ositidwa mpaka kuthwa, anadutsa Sharjah ndi Ras al Khaimah osagwedeza munthu, ndipo pamalire asilikali anamuitana habibi, ndiye kuti bwenzi, nkumugwira dzanja. Pagalasi anaona aNangozo akuyang'ana zimenezi. Msewu utayamba kukhotakhota pakati pa phiri ndi nyanja, anawamva akuuza Melody kuti koma galimoto ndiye amayendetsa. Mtima wa Zefaniya unakwera mpaka kukhosi.

Unatsika atafika padoko. Chombocho chinali chamatabwa, chofoleredwa ndi nsalu pamwamba, pansi atayala makapeti ndi mapilo m'mbali. Chipinda munalibe, kona yobisalako panalibe, ndipo mpanda wa m'mbali unkalekeza m'mawondo. Kukwera kwake kunali kwa pathabwa limodzi. ANangozo anaoloka chiimire ngati akudutsa mlatho wa kwawo. Katswiri wa mafiyodi anaoloka chokwawa, nkunena kuti akuona ngati thabwalo ndi lolimba. Victor anatsegula pakamwa kuti amulandire mlendo watsopano, koma ataona maso a Zefaniya anatseka.

Chombo chisanatuluke n'komwe padoko, Melody anali atagwira ndowa yosanziramo. Namwino wathu anagona chafufumimba pakona, nkhope itatuwa, ndipo sanadzukenso tsiku lonse. ANangozo anatenga Lily nkumubereka. Mnyamata wa m'chombo atabweretsa majekete oyandamitsa, iwo anakana, akuti jekete ndi mwana sizingagawane msana umodzi. Zefaniya jeketeyo ankaifuna ngati mpweya, koma munthu amene wakhala akuyenda panyanja imeneyi zaka ziwiri angavale bwanji apongozi atakana? Anakhala kutsidya, mwendo umodzi atakolowekera ku mzati wa denga, maso ali pa kapeti.

Atafika pakamwa pa fiyodi, ngakhale iye anadzutsa mutu. Zithunzi za ku ofesi zija zinali zabodza mwa kuchepetsa. Mapiri anatuluka m'madzi chiimire, opanda mtengo, opanda udzu, ali mizeremizere ngati nsalu zopindidwa m'sitolo ya Mmwenye. Njira ya madzi inalowa pakati pawo nkukhota, phokoso la injini likubwerera kuchokera kumakoma. Gombe panalibe. Munthu atagwa pamenepo sakanapeza pogwira.

Victor anaimirira nkuyamba ntchito yake, kuti alendo olemekezeka, takulandirani ku Norway wa Arabia. Pamenepo mdala wina wa ndevu zoyera, wofiira ngati nyama yowamba, anakweza dzanja. Iyeyo anali wa ku Norway kwenikweniko, ndipo sanakondwe. Anati awa si mafiyodi enieni. Kwawo, kalekale, kunkagwa chisanu choundana chaka ndi chaka osasungunuka, mpaka chinasanduka mtsinje wa ayezi wokhuthala kuposa phiri. Mtsinje umenewo unkatsetsereka pang'onopang'ono kulowera kunyanja, utanyamula miyala kumimba, ukupala chigwa ngati mpeni wopala chikopa, mpaka chigwacho chinazama kuposa nyanja yeniyeniyo. Dziko litafunda ayezi anasungunuka, nyanja nkulowa m'chigwamo. Imeneyo ndiyo fiyodi, anatero mdalayo, ndipo kuno ayezi sanapondeko.

ANangozo anafunsa Lily kuti mzunguyo akukalipira chiyani. Zefaniya anaona mwayi woonetsa Chingerezi chake. Anamasulira zonse, maso ali pa kaphazi ka mwana kotulukira m'chitenje. Apongozi anaseka koyamba chifikireni, akuti ayezi yemwe amaika mu Fanta yemweyu kulima phiri, ndiye azungu akusowa chonama.

Victor naye sanafune kugonja pamaso pa makasitomala. Anavomera kuti ayezi kuno kunalibe, koma anati zigwa izi zinakumbidwa ndi mitsinje ya mvula, kenako dziko lenilenilo linayamba kutsika. Anatambasula manja awiri, lina nkulilowetsa pansi pa linzake. Anati nthaka ya Arabia ikukankhana ndi ya Iran kutsidya, ndipo nsonga ino ikupindikira pansi. Mmene akuyendamo ndi m'zigwa zomira, ndipo zilumba akuzionazo ndi mitu ya mapiri. Mpaka lero ikutsikabe, anatero Victor monyadira.

Zefaniya anali atatenthedwa ndi kuseka kuja. Anamasulira mawu ndi mawu, ndi manja omwe. Anazindikira chimene wachita atamva kuti kutsidya kwangoti zii.

ANangozo anafunsa Lily ngati dziko limeneli ndi lolumikizana ndi Dubai. Zefaniya akanakana bwanji, poti anabwera pamsewu? Anayesa kukonza. Anati kutsikako n'kochepa, chikhadabo chimakula msanga, ndipo ku Dubai sikukhudzidwa. ANangozo anamasula chitenje nkuchimanganso mothina, kenako anayang'ana uku ndi uku ngati munthu wofuna mboni. Pafupi ndi khoma la phiri panali mwala wathyathyathya wotuluka m'madzi, pamwamba pake patatera mbalame yakuda itatambasula mapiko. Anauloza ndi mlomo.

"Lily, tauona mwala uwo. Tiupeze pobwerera."

Kuyambira pamenepo tsiku linamuipira Zefaniya. Zinsomba zija, madolofini, zinabweradi, amalinyero akuimba mluzu, azungu akuthamangira mbali imodzi mpaka chombo kupendama, iye atakumbatira mzati. ANangozo sanaziyang'ane n'komwe. Ankayang'ana timidzi ta miyala tokanirira m'tsinde mwa mapiri, topanda msewu, topanda munda, ndipo atamva kuti ngakhale madzi akumwa amabwera pa boti anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza mbatata yowola ija. Chombo chitaima pa kachilumba kena kokhala ndi mabwinja, azungu aakazi anavula nkutsala ndi tinsalu toti simungapukutire ndi mbale. Mkamwini anasowa koika maso. Kumanja kunali maliseche, kumanzere apongozi, pansi madzi. Chakudya chitabwera, mpunga ndi nsomba yootcha, iye anati wakhuta, chifukwa pobisala kuti atafune panalibe. Anakhala choncho ndi njala, akuwerenga maluwa a pakapeti, akudziwa kuti ndege ya Lily waithira mafuta yekha.

Pobwerera dzuwa linali litapendeka, ndipo kamphepo kanayamba. Atayandikira pakamwa paja, aNangozo anadzuka. Anapita kumpanda, mwana ali kumbuyo, nkuyamba kufufuza mwala wawo. Mwalawo panalibe. Panali madzi okhaokha akumenya khoma.

Aliyense wokhala kunyanja yamchere amadziwa kuti madzi ake amakwera ndi kutsika tsiku lililonse. Zefaniya ankadziwa, poti padoko paja ankaona maboti akukwera ndi kutsika iye akudya chapati. Koma mayi wa ku Tsangano akanazidziwira kuti? Iwo anaona ndi maso awo dziko likumira pakati pa m'mawa ndi madzulo. Anawerama kwambiri, dzanja limodzi lili pampanda, kuti mwina auona pansi pa madzi.

Zefaniya ndiye anayamba kumva kulira kwa mainjini. Ankawadziwa maboti amenewo. Ndi a anyamata a ku Iran amene amafika m'mawa ndi mbuzi, madzulo nkubwerera atadzaza makatoni, akuthamanga m'gulu ngati akuthawa moto. Padoko ankaona mmene mafunde awo amavinitsira zombo zazikulu. Tsopano ankadutsa kutsogolo kwawo, ndipo mzere woyera wa mafunde unali ukubwera. Woyendetsa chombo anakuwa m'Chiarabu. Azungu anakhala pansi. Anayang'ana Melody, koma Melody anali atafunda chitenje kumutu.

"Lily, uwauze agogo ako akhale pansi. Kukubwera mafunde."

"Lily, uwauze bambo ako kuti matola a ku Tsangano ndimakwera chiimire, thumba lili pamutu."

Zefaniya anabwerezanso, akuuzabe khanda. Munthu wina aliyense akanangopita nkuwakoka mkono. Iye anasendera pang'ono ndi matako, nkuima pamene mwambo umalekezera, mwendo ukadali ku mzati.

Funde loyamba linakweza chombo. Lachiwiri linachigwetsera mbali ya aNangozo. Patapata wawo anaterereka pa thabwa lonyowa, dzanja linaphonya mpanda, ndipo thupi lonse linapita kutsogolo. Zefaniya anaona mutu wa Lily ukudutsa pamwamba pa mpanda, kumusi kwake kuli madzi akuda.

Mmene anafikirapo iye mwini sadziwa. Amene anaona amati anauluka chogona, phazi likadali lokola mzati, nkuwakumbatira apongozi m'chiuno ndi manja onse awiri, tsaya lake litagunda pamsana pa mwana. Kwa kanthawi onse atatu analendewera pampanda, chombo chikuganiza kopita. Kenako chinabwerera mbali ina, iwo nkugwera chagada pakapeti, aNangozo ali pamwamba pa mkamwini wawo. Lily analira kulira kwa munthu wamoyo. Duku la agogo linali likuyandama kumbuyo, likutalikira.

Azungu anaomba m'manja, ndipo chimenecho ndicho chinaipitsa zinthu. Zefaniya anamasula manja ngati wagwira mbaula. Anali atakhudza apongozi, osati ndi chala, koma thupi lonse, pamaso pa anthu a mitundu. Anali ataonanso mutu wawo wopanda duku, imvi zili poyera. Anagwada chofulatira, anavula kapu yake imene ngakhale Samson anali asanaionepo itachoka pamutu masana, anaiika pakapeti nkuikankhira kumbuyo osacheuka. Patapita nthawi anamva ikutengedwa.

Ulendo wonse wobwerera ku Dubai aNangozo anakhala atavala kapu ya kampani, osalankhula ndi Melody, ngakhale ndi Lily. Zefaniya pagalasi sanayang'anenso.

Chigamulo chinabwera Lachisanu lotsatira, iye ali pamalo pake pansapato. ANangozo analankhula ndi Melody mokweza kuti pulayiwudu imve. Anati za dziko lomira adziwonera okha, palibe wowauza. Koma tsopano pali mlandu. Mkamwini wawagwira m'chiuno ndipo wawaona kumutu, zimene kwawo zimatha ndi nkhuku yamoyo. Ndipo mwana sangayende ulendo wautali pamsana pa munthu amene ali pa mlandu ndi bambo ake, angadwale m'njira. Mlandu ukatha amutenga. Ukapanda kutha, akawauza achimwene awo kuti ndi mmene zinalili.

Melody anamva nthawi yomweyo chimene amayi ake anachita. Ndani sadziwa kuti nkhuku ya ku Dubai imabadwira mufiriji, yopanda mutu? Mayiwo sakanabwerera kwa mwinimbumba nkukanena kuti mkamwini wandigonjetsa. Anangomutsegulira mkamwini kazenera kopulumukira nkuyang'ana kumbali. Koma Zefaniya wathu anamva zina. M'mutu mwake munangolowa kuti walakwira apongozi, ndipo munthu waulemu amalipira msanga kuti mitima ifewe. Anaganiza kuti akaona changu chake, mwina amusiyira mwana.

Melody anamuimbira foni pakati pa sabata, amayi ake ali chapafupi akupeta mpunga, nkumuuza pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi wodwala kuti bambo a Lily, nkhuku yamoyo ku Dubai kulibe, mwamva, kulibe. Zefaniya anayankha kuti asadandaule, inshallah aipeza. Anafunsa Apakistani a kukhitchini, anafunsa oyendetsa mataki, anafunsa mpaka wometa tsitsi. Samson, m'malo momuletsa, anakumbuka kuti ku Sharjah kuli msika wa mbalame ndi ziweto. Anzeru awiriwa anapita limodzi.

Lachisanu lomaliza, ndege ili mawa lake, Melody anatsegula chitseko nkuona mwamuna wake akumwetulira, atanyamula katoni yoboola timabowo. Anaigwira mbali ina katoniyo kuti isalowe.

"Bambo a Lily, mwagula tikiti ya mwana wanu," ananong'ona.

Zefaniya anayang'ana mkazi wake, anayang'ana katoni. Zinamulowa pang'onopang'ono, kuyambira kumapazi. Anatembenuka kuti athawe nayo, koma nkhukuyo inasankha nthawi yomweyo kulira. Kuchokera kuseri kwa pulayiwudu kunamveka mawu a aNangozo akuuza Melody kuti alowe nawo alendo akulirawo.

Melody analowa nayo akukoka miyendo. Chitseko anachisiya chotsegula, ndipo Zefaniya, atagwada pansapato, ankaona zonse chammbali. Sutikesi ya apongozi inali yotseka kale. Pamwamba pake panali kachikwama ka zovala za Lily, kamene mayiwo analongedza dala kuti aliyense akaone. Mwanayo anali pamphasa akumenya supuni pansi.

ANangozo anatulutsa nkhukuyo. Inali yoyera, yonenepa, yamaso a tulo. Anaikweza m'mwamba kuyesa kulemera kwake. Anaipapasa pachidali, anatambasula phiko, anayang'ana mlomo wake wodulidwa kunsonga. Anatembenuza mapazi nkuwayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anaiika pansi nkuomba m'manja kamodzi pafupi ndi mutu wake. Nkhukuyo sinathawe. Inangokhala pansi pomwepo ngati bwana.

Mayiwo anapukuta manja pachitenje. Anauza Melody kuti chinthu ichi sichinapalasepo dothi chibadwire, mapazi ake ndi osalala ngati a khanda. Sichidziwa kabawi, sichidziwa mvula, sichidziwa ndi kuthawa komwe. Kwawo chotere sichilipa mlandu, ndipo achimwene awo atamva kuti analandira chimenechi angawaseke mpaka kumanda. Anatambasula dzanja, anachotsa kachikwama ka Lily pa sutikesi nkukaponya pabedi. Kenako anawerama kwa mdzukulu wawo.

"Lily, uwauze bambo ako apitirize kufunafuna. Koma asathamange."

Zefaniya anaomba m'manja mwaulemu, mutu uli pansi. Nkhuku yosalipa mlanduyo anaizinga masana omwewo, aNangozo nkutengako ntchafu zonse ziwiri za kamba wa m'ndege.

Anasiya malamulo awiri. Loyamba, mwana asadzapitenso kumalo omira kuja. Lachiwiri, banja lipeze nyumba yogona onse pamodzi, ndipo ikhale yam'mwamba, poti dziko lake ndi limeneli. Zinawatengera nthawi, koma pano ali ku Sharjah, m'chipinda cha makoma enieni, ndipo Zefaniya amakwera masitepe ambirimbiri osadandaula. Kapu ija sinabwerere. Amene anapita kutchuthi ku Ntcheu akuti anaiona kumunda wa mbatata, pamwamba pa duku latsopano.

Ku Khasab amapitabe sabata iliyonse, ndipo matayala ake akufunikabe kuwayang'ana azungu akamakwera chombo. Kungoti nkhani za mafiyodi anasiya kukamba, tsopano pamene anawaonadi. Mukamufunsa amangoti khalas, zatha, ndi madzi basi. Mnyamata wina wa ku Mchinji atamuuza mwachifundo kuti ku mafamu a ku Al Dhaid kuli nkhuku zachikuda zenizeni, zopalasa, Zefaniya anamuthokoza kwambiri nkusiya kumupatsa moni.

Kumapeto kwa mwezi amagula khadi la foni nkuimbira ku golosale ya ku Tsangano, kumene aNangozo amakhala akudikira. Akamaliza ndi Melody amafunsa mdzukulu wawo, amene tsopano pakamwa panatseguka, ndipo funso lake ndi lomwelomwelo, lakuti nkhuku ija bambo ako aipeza? Lily amacheukira bambo ake, amene amaima pakhomo manja ali kumbuyo ngakhale apongozi ali kutsidya kwa nyanja, kenako amabwerera pafoni.

"Akuti akufunabe, agogo."